Arctic Liquid Freezer III 360: kodi imatontholetsadi kompyuta ya overclock kuno ku Mzuzu?

Masana phokoso la kompyuta silidziwika. Njinga za kabaza, wayilesi ya aneba, chigayo cha kuseri, zonsezi zimaliphimba. Koma ikwane 11 koloko usiku mwezi wa Juni, chifunga chitatsika ku Kaning'ina, tauni yonse ili zii, pulosesa ikutafuna vidiyo ya ukwati ya maola atatu, fani iliyonse imamveka payokhapayokha. Kwa wojambula nyimbo amene maikolofoni ndi kompyuta zili m'chipinda chimodzi, phokosolo limalowa m'nyimbo momwe. Anthu otere ndi amene amafunsa za kuziziritsa ndi madzi, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi Arctic Liquid Freezer III 360, imene kampani ya Arctic ya ku Germany inatulutsa mu Febuluwale 2024.

Chigamulo chathu tinene pompano: ndi chida chabwino, ndipo pa zoziziritsira za AIO, zija zobwera zotsekeratu madzi ali m'katimo, ndi chimene tingalimbikitse munthu wa kuno kugula. Koma madziwo si amene amathetsa phokoso. Madzi ndi mtengatenga chabe, amanyamula kutentha kuchoka pa pulosesa kukakutula pa radiyeta. Amene amakuchotsa m'bokosi ndi mpweya, ndipo mpweyawo amaukankha ndi mafani. Chomwe mukugula kwenikweni ndi radiyeta yaikulu yolola mafani kuzungulira pang'onopang'ono. Fani ikachepetsedwa liwiro ndi theka, phokoso lake limatsika ndi madesibelo pafupifupi 15, pamene khutu limamva kutsika kwa madesibelo 10 ngati phokoso lachepa ndi theka. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Radiyeta ya chida ichi ndi ya aluminiyamu, yotalika mamilimita 398, mulifupi 120, ndipo kunenepa kwake ndi mamilimita 38. Ma AIO ambiri amakhala ndi radiyeta ya mamilimita 27 kapena 30. Pamwamba pake pamabwera patamangidwa kale mafani atatu a P12, omwe amayenda kuyambira 200 mpaka 1800 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi), ndipo mawaya awo anawabisa m'nsalu yokuta mapaipi, choncho m'kesi simukhala chipwirikiti cha nthambo. Pampu ili m'buloko yomwe imakhala pa pulosesa ndipo imayenda pakati pa 800 ndi 2800 rpm. Mbale yokhudza pulosesa ndi ya mkuwa. Pamwamba pa bulokoyo pali kafani kakang'ono komamatira ndi maginito, kopepereza ma VRM, tizipangizo tija tozungulira soketi timene timatsitsa mavoti 12 kufika pa voti imodzi ndi kanthu yomwe pulosesa imadya. Pa overclock, ndiko kuthamangitsa pulosesa kuposa liwiro lake la ku fakitale, tizipangizo timeneti timatentha zedi, ndipo mukachotsa choziziritsira cha mpweya n'kuika AIO wamba timasowa wotipepereza. Kafani aka si kokongoletsa. M'bokosi mulinso kachubu ka thermal paste ya MX-6, phala lopaka pakati pa pulosesa ndi mbale ya mkuwa, ndipo waranti ndi ya zaka 6.

Kunenepa komwe kukuipatsa mphamvuko ndi kumenenso kumakhumudwitsa ogula ambiri. Radiyeta ndi fani pamodzi zimakwana mamilimita 63. Makesi ambiri olembedwa kuti amalandira radiyeta ya 360 pamwamba anawapanga poganizira radiyeta yopyapyala, ndiye iyi imakagunda pa RAM, pa zitsulo zoziziritsa ma VRM, kapena pa waya wa mapini 8 wopita ku pulosesa. Musanatumize ndalama, tsegulani kesi, tengani lula, muyeze kuchokera padenga la kesi kufika m'mphepete mwa motherboard. Ngati sipakukwana mamilimita 63, onani ngati mabowo a masikulu padengapo anawasendezera chakunja moti radiyeta ingalambalale RAM. Yezaninso kutalika, pasachepe mamilimita 400. Katundu amene wayenda kuchokera ku Johannesburg, kapena wadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, msonkho wa MRA utalipiridwa, sabwezedwa chifukwa choti wakana kulowa m'kesi. Palinso vuto laling'ono: buloko yake ndi yotambalala, ndipo pa ma motherboard ena imagunda chitsulo chachitali chophimba SSD ya M.2 yoyamba, ija ili pansi pa soketi.

China choti mudziwe msanga, zomangira zomwe zili m'bokosi ndi za masoketi a AM4 ndi AM5 a AMD, ndi LGA1700 ndi LGA1851 a Intel basi. Makompyuta ambiri a kaunjika omwe amafika kuno ali ndi ma Intel akale a LGA1151 kapena LGA1200. Amenewo mungasiyane nayo. Ndipo kunena zoona, pulosesa yosapitirira mawati 150 sikufunika madzi. Zoziziritsira za mpweya ngati Thermalright Peerless Assassin 120 kapena Noctua NH-D15 zimaikwanitsa mwakachetechete, zilibe pampu yoti ingafe, ndipo fani ikatha mumangogula ina. Liquid Freezer imayamba kuonetsa phindu pa mapulosesa ngati Core i7-14700K ndi i9-14900K, omwe amafika mawati 253 musanawakhudze n'komwe, kapena Ryzen 9 7950X yomwe imaloledwa kukoka mawati 230.

Kumanga pa AMD kumafuna kuleza mtima. Mumachotsa tipulasitiki tiwiri tobwera ndi motherboard, koma chitsulo cha kumbuyo mumachisiya. Zomangira za Arctic zimasendeza buloko chakumunsi pang'ono, dala, chifukwa pa mapulosesa a AMD Ryzen tizigawo totentha kwambiri sitili pakati pa chivindikiro koma chakumunsi. Buloko imagwidwa ndi masikulu awiri okha okhala pa chitsulo cha sipuling'i, ndipo sipuling'iyo ndi yolimba. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kumanga sikulu yoyamba mpaka kumapeto. Mukatero mbali inayo imatukuka, sikulu yachiwiri siifikanso pabowo, mumayamba kukanikiza ndi mphamvu, sikuludiraiva n'kuterereka kukakanda motherboard. Goneketsani kesi patebulo, sikulu yoyamba ingogwira mizere iwiri, kanikizani mbali inayo mpaka nayo igwire, kenako muzisinthanasinthana, uku kawiri uku kawiri, mpaka zonse zitalimba. Musanatero onetsetsani kuti kapulasitiki kotchinga mbale ya mkuwa mwakachotsa. Zimaoneka ngati zoseketsa, koma kompyuta yofika madigiri 95 itangoyaka kumene nthawi zambiri vuto limakhala limeneli.

Pa Intel ntchito yake ndi yochititsa nthumanzi kuposa apa. Chotsekera pulosesa chobwera ndi motherboard ya LGA1700 chimakanikiza pakati pa mbali ziwiri zazitali, ndipo pakapita nthawi chivindikiro cha pulosesa chimapindika pang'ono, mbale ya mkuwa osakhudzanso bwino pakati. Arctic inathana nazo poika felemu yakeyake yolowa m'malo mwa chotsekeracho. Ndiye kuti mumasula masikulu anayi a Torx T20, kuchotsa chotsekera, n'kumanga felemuyo pulosesa ili m'soketi. Chitani izi motherboard ili patebulo, isanalowe m'kesi, chifukwa chitsulo cha kumbuyo chimagwa masikulu akachoka. Pulosesa isachoke m'malo mwake nthawi yonseyi, ndi imene ikuteteza mapini a soketi, ndipo pini imodzi ikapindika mwalowa m'mavuto aakulu. Felemu ikamangidwa mopendekera, mapini ena sakhudza bwino, ndiye kompyuta imakana kuyaka kapena imaona RAM ya mbali imodzi yokha. Zikatero musathamangire kunena kuti RAM yafa. Masulani felemu, khazikaninso pulosesa, mangani modutsanitsa. Chotsekera chakale chija sungani m'kabati, tsiku lobweza kapena kugulitsa motherboard mudzachifuna.

Malo abwino a radiyeta ndi padenga la kesi, mafani ali pansi pake akukankhira mpweya kunja, momwe anabwerera kuchokera ku fakitale. Chifukwa chake ndi thovu. AIO iliyonse ili ndi kampweya pang'ono m'kati, ndipo pakamapita zaka kamachuluka chifukwa madzi amafwifwa pang'onopang'ono kudzera m'khungu la mapaipi. Mpweya umakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri. Malowo akakhala pampu, imayamba kulira ngati munthu akuchukucha m'kamwa, imasiya kukankha bwino, ndipo imatha msanga poti madzi omwewo ndi amene amafewetsa pozungulira pake. Ngati radiyeta ikukwana kutsogolo kokha, nsonga yake ikhale pamwamba kuposa buloko, ndipo ngati mapaipi akufika, atulukire kumunsi. Kumbukiraninso kutembenuza mafani, apo ayi adzakhala akutulutsa mpweya kutsogolo m'malo moulowetsa. Pomanga radiyeta ku kesi gwiritsani masikulu afupiafupi omwe abwera nayo. Sikulu yaitali yotola m'chitini imaboola njira ya madzi, ndipo radiyeta ya aluminiyamu yoboola ndi yotaya.

Tsopano pa mawaya, pomwe pali chinsinsi cha bata lonse. M'bokosi muli mawaya a mitundu iwiri. Wina amaphatikiza pampu, kafani ka VRM ndi mafani a radiyeta pa pulagi imodzi. Winayo ali ndi mapulagi atatu osiyana. Woyambayo ndi wosavuta, koma musamugwiritse ntchito ngati mukufuna bata, chifukwa pulosesa ikangotentha pang'ono zonse zitatu zimakwera limodzi, ndipo kusinthasintha kwa kaliridwe ka pampu kumasokosa kuposa phokoso lokhazikika. Ndi wa mapulagi atatu, mafani a radiyeta apite pa CPU_FAN, pampu pa AIO_PUMP, kafani ka VRM pa SYS_FAN kapena CHA_FAN iliyonse yapafupi. Pa CPU_FAN pasakhale popanda kanthu, ma motherboard ambiri amaima ndi uthenga woti fani ya pulosesa palibe. Mu BIOS, pulogalamu ya m'motherboard yosinthira zoikamo, onse atatu akhale pa njira yowongolera liwiro ya PWM, osati DC. AIO_PUMP nthawi zambiri imabwera itaikidwa pa 100%, ndipo pa liwiro limenelo pampu imeneyi imamveka m'chipinda cha zii, kaphokoso kosongoka ngati ka udzudzu.

Itsitseni, ndipo musaope. Galamu imodzi ya madzi imafuna majuli 4.18 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Madzi akamayenda lita imodzi pa mphindi, pulosesa ya mawati 250 imawatenthetsa ndi madigiri pafupifupi 3.6 okha podutsa m'buloko. Mukawirikiza kawiri liwiro la madziwo, kusiyana kumatsika kufika pa 1.8. Ndiye kuti phokoso lonse la pampu yothamanga kwambiri mukulipirira digiri imodzi kapena awiri. Poyambira pabwino ndi kuikhazika pakati pa 60% ndi 70%, isamasinthe, kenako muzitsitsa kapena kukweza pang'ono mpaka mutapeza pomwe kulira kwake kwasowa. Kafani ka VRM kakhale cha m'ma 30% kapena 40%, n'kumayang'ana kutentha kwa ma VRM mu pulogalamu ya HWiNFO64 pulosesa ikugwira ntchito yolemetsa.

Mafani a radiyeta ndi amene amafuna nzeru. Apa pali chofooka chenicheni cha Liquid Freezer III: ilibe kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi. Kutentha kwa pulosesa kumalumpha madigiri 20 kapena 30 m'sekondi imodzi mukangotsegula pulogalamu, pomwe madzi amatenga mphindi zingapo kuti atenthe. Mafani otsatira pulosesa amangokhalira kukwera ndi kutsika popanda chifukwa, ngati minibasi yoitanira anthu pa depoti. Pothana nazo, mzere wa mu BIOS wouza mafani liwiro loyendera pa kutentha kulikonse ukhale wogona, pakati pa 700 ndi 900 rpm, mpaka pulosesa itafika madigiri 70, kenako ukwere pang'onopang'ono kufika cha m'ma 1200 rpm pa madigiri 85, ndipo 1800 isungidwire pangozi pokha. Ikaninso nthawi yochedwetsa kukwera ndi kutsika kwa fani pa mlingo waukulu womwe BIOS ikulola. Pulogalamu yaulere ya Fan Control imachita bwino kuposa apa, chifukwa imatha kutsatira avereji ya kutentha pa masekondi angapo. Mafani a P12 ali ndi kakhalidwe kodziwika: pa liwiro lina chapafupi ndi 1000 rpm ena amang'ung'udza. Yendetsani liwiro pang'onopang'ono khutu lili pafupi, pezani pomwe akung'ung'udzapo, mzere wanu uzidumpha pamenepo. Kuti chidachi sichifuna pulogalamu yakeyake yoti izikhala ikuyenda mu Windows, ifeyo timakuona ngati mwayi, osati kuperewera.

Mzuzu ili ndi zake zomwe woyesa zida ku Ulaya saziganizira. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka ndi magawo 11 kapena 12 pa 100 alionse. Kuchotsa mawati 250 mpweya ukutentha ndi madigiri 10 podutsa pa radiyeta kumafuna malita pafupifupi 21 a mpweya pa sekondi m'mbali mwa nyanja yamchere, koma kuno pamafunika 23 kapena 24. Ntchito yomwe fani imagwira pa 900 rpm kumeneko, kuno ifuna cha m'ma 1000. Mwayi wake ndi woti kuno n'kozizira. Radiyeta singaziziritse madzi kuposa mpweya wa m'chipinda, choncho digiri iliyonse yomwe chipinda chatsika, pulosesa nayo imatsika pafupifupi chimodzimodzi. Wa ku Katoto mwezi wa Julayi ali pabwino kuposa mnzake wa ku Karonga kapena Nkhata Bay. Msampha uli pomwepo: overclock yoyesedwa usiku wa Julayi imaoneka yolimba, koma ifike Okutobala masana, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kompyuta yomweyo iyamba kuzima pakati pa ntchito. Yesani nthawi yotentha, kapena siyani mpata wa madigiri 10 mpaka 15 pansi pa malire. Malirewo ndi madigiri 100 pa ma Intel a m'badwo wa 13 ndi 14, 95 pa Ryzen 7000 wamba, ndi 89 pa 7800X3D.

Maganizo otulutsa radiyeta pawindo usiku wozizira, kapena kuiviika m'beseni la madzi oundana, asiyeni. Mapaipi ndi buloko zikazizira kuposa mpweya wa m'chipinda zimachita thukuta ngati botolo lochokera m'fuliji, ndipo ndi chinyezi cha kuno thukutalo limadonthera pa khadi la zithunzi.

Fumbi la Sepitembala mpaka mvula yoyamba, makamaka kwa okhala m'mbali mwa misewu yafumbi ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Zolozolo, limatseka zipsepse za radiyeta ngati bulangete. Chizindikiro chake n'chakuti mafani akukwera kuposa kale pa ntchito yomweyo. Kesi isakhale pansi, ikhale patebulo. Mafani olowetsa mpweya kutsogolo, kuseri kwa sefa, azikankha wochuluka pang'ono kuposa womwe ukutuluka, kuti fumbi lisalowere m'ming'alu. Sefa ya padenga, pomwe radiyeta ikutulutsira mpweya, ichotseni kompyuta ikamagwira ntchito yolemetsa, imangotsekereza. Popemerera radiyeta gwirani mafani ndi chala asazungulire. Kompuresa ya kokonzera matayala musaiyandikize, imalavula madzi ndi oyilo.

Pa overclock penipeni, chomwe chimabweretsa phokoso ndi mavoti. Mphamvu yomwe pulosesa imadya imakwera molingana ndi mavoti kuwachulukitsa ndi iwo okha. Kuchoka pa 1.25 V kufika 1.35 V ndi kuonjezera kutentha ndi magawo pafupifupi 17 pa 100, liwiro musanalikweze n'komwe. Ma MHz 100 kapena 200 omaliza ndi amene amadya mavoti ochuluka, ndipo pa vidiyo ya ola limodzi phindu lake simungalione ndi maso. Mapulosesa atsopano amadzikweza okha akapeza kuti akuzizira, ndiye njira yanzeru masiku ano ndi kutsitsa mavoti. Pa Ryzen yatsani PBO mu BIOS, yolola pulosesa kudzikweza yokha, mulowe mu Curve Optimizer, pomwe mumatsitsira mavoti, muyambe ndi -10 pa makoo onse, tizigawo togwira ntchito ta pulosesa, muyese, mutsike -15, kenako -20. Vuto la Curve Optimizer silionekera kwambiri pa ntchito yolemetsa, limaonekera kompyuta ikangokhala kapena ikamagwira zopepuka, n'kungozima yokha. Choncho kupambana mayeso a pulogalamu ya Cinebench R23 kwa mphindi 30 sikukwanira. Onjezani mapulogalamu ena olemetsa pulosesa, OCCT kapena Prime95, ndi masiku angapo a ntchito wamba. Pa Intel wa m'badwo wa 13 kapena 14, choyamba ndi kuika BIOS yokhala ndi microcode (malangizo a m'kati mwa pulosesa) 0x12B ya mu Sepitembala 2024 kapena yatsopano kuposa iyo, chifukwa mapulosesa amenewa anali ndi vuto lodzipempha mavoti ochuluka mpaka kuwonongeka. Mukatero ikani malire a mawati, mwina 200 m'malo mwa 253, muone ngati liwiro lomwe mwataya likufanana ndi bata lomwe mwapeza. Ndipo BIOS musaisinthe popanda UPS. Magetsi akathima pakati pa masewera palibe chowopsa kwa AIO, pampu ndi pulosesa zimaima limodzi, koma akathima BIOS ikulembedwa motherboard imatha osadzukanso.

Pali chinthu chimodzi chomwe Liquid Freezer singakuchitireni. Pa masewera, wophokosera wamkulu ndi khadi la zithunzi. RTX 3080 imadya mawati 320, RTX 4090 imafika 450, kuposa pulosesa iliyonse tatchulayi. Mukhoza kulitontholetsa ndithu potsitsa mavoti ake ndi pulogalamu ya MSI Afterburner, koma wofuna kuti nalonso lilowe m'madzi ayenera kumanga lupu yakeyake, njira ya madzi yolumikiza yekha chipangizo ndi chipangizo. Walira mvula walira matope.

Lupu ya pulosesa ndi khadi imafuna buloko ziwiri, pampu ya D5 yokhala ndi thanki yake, maradiyeta awiri a 360 a mkuwa, mafani asanu ndi limodzi, ndi mamita atatu a paipi. Amisiri ambiri amawerengera mamilimita 120 a radiyeta pa mawati 100 alionse ngati mafani akuyenera kuyenda motsika. D5 ndi yabwino pa bata kuposa pampu ya DDC, imatha kukankha malita 1,500 pa ola popanda chotchinga, ndiye ngakhale pa theka la liwiro imakwanitsa. Ikhale pa mphira, isakhudze chitsulo cha kesi, apo ayi kesi yonse imasanduka ng'oma. Mafiting'i onse, zolumikizira paipi ku chipangizo, ndi a mzere wa G1/4, awiri pa chipangizo chilichonse, ndiye kuti khumi, kuonjezapo vavu yokhetsera madzi pamalo otsikitsitsa ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi, komwe mafani azitsatira. Fiting'i ifanane ndi paipi ndendende, ya 10/16 pa paipi ya 10/16 (mamilimita 10 m'kati, 16 kunja), chifukwa ya 10/13 singagwire. Gulani mafiting'i awiri apadera ndi ma O-ring. Zinthu izi si za m'mashopu a hadiweya, ndipo kamphira kamodzi kong'ambika kangakuimitseni milungu mukudikira wobwera nako. Paipi yakuda ya EPDM ndi imene tingasankhe. Yoonekera m'kati ya PVC imatulutsa mafuta ake omwe amakatseka timizere ta m'buloko, ndipo yolimba ya PETG imafewa madzi akatentha n'kuvuka pa fiting'i. Dongosolo la zipangizo lilibe ntchito kwenikweni, masamu a madigiri 3.6 aja akusonyeza chifukwa chake, kupatula kuti thanki ikhale pamwamba pa pampu ndipo izithira m'pampu mwachindunji.

Aluminiyamu ndi mkuwa zisakumane m'lupu yotere. Zitsulo ziwirizi zikakhala m'madzi amodzi zimapanga kabatire, aluminiyamu n'kumadyeka mpaka kuboola. Mu AIO yotseka zimakhalira limodzi chifukwa madzi ake ali ndi mankhwala oletsa zimenezi, n'chifukwa chake kudula mapaipi a Liquid Freezer kuti radiyeta yake mulumikize ku buloko ya khadi ndi maganizo oipa. Madzi a pampopi ayi, ali ndi mchere wa m'nthaka ndi kolorini. Ofunika ndi madzi otcheza, lita imodzi kapena imodzi ndi theka, osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Madzi othira m'batire ya galimoto amagwira ntchito, koma werengani botolo kawiri, chifukwa pashelefu yomweyo pamakhalanso asidi wa batire, ndipo botolo losalembedwa ndi losadalirika. Kulanti ya galimoto yosungunula kwambiri imaletsa dzimbiri, koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu ndipo sigwirizana ndi PETG. Madzi a mitundu osaonekera m'kati amakongola pa Facebook, pakatha miyezi amasiya matope m'buloko. Sipiriti musapukutire pa akiriliki, amang'aluka.

Maradiyeta atsopano atsukeni kaye, kuthira madzi otcheza ofunda, kukhutchumula, kukhuthula, mpaka tizinyalala ta ku fakitale titasiya kutuluka. Podzaza lupu, zulani mawaya onse a PSU, bokosi lopereka magetsi, pa motherboard ndi pa khadi, patsale pampu yokha. PSU imayaka mukalumikiza pini 16 ya pulagi ya mapini 24, waya wobiriwira pa ma PSU a mawaya amitundu, ndi waya wakuda woyandikana naye. Dzazani thanki, yatsani, madzi akatsala pang'ono kutha m'thanki zimitsani, dzazaninso. D5 isazungulire youma ngakhale masekondi ochepa. Pansi pa fiting'i iliyonse ikani tishu yoyera, pampu iyende yokha maola 24. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dontho logwera pa motherboard yopanda magetsi mumangoliumitsa, koma pa yoyaka limaiwononga. Madziwo amafuna kusinthidwa chaka ndi chaka, ndipo ulendo uliwonse wautali lupu iyambe yakhetsedwa.

Pa nkhani ya maulendo imeneyi AIO ikuposa zonse ziwiri, lupu ndi choziziritsira cha mpweya. Ojambula vidiyo ndi oimbitsa nyimbo omwe kompyuta yawo imakwera galimoto kupita ku Ekwendeni kapena kutsika M5 kupita ku Nkhata Bay adziwe kuti NH-D15 ndi chitsulo cha kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 cholendewera pa motherboard, ndipo bampu iliyonse imachikoka. Pa Liquid Freezer cholemera chili pa kesi, pa soketi pali buloko yokha.

Waranti ya zaka 6 ndi yabwino papepala, koma ngati chidacho chinabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni, kuchitumizanso kunja kungadye ndalama yoyandikira mtengo wake. Sungani lisiti, ndipo chikangofika chiyeseni musanapake paste: lumikizani pampu pa motherboard ina, gwirani buloko mumve kunjenjemera, onani rpm mu BIOS, yang'anani ngati pa mfundo za mapaipi pali chinyezi. Kumva timadzi tikukhutchumuka pang'ono mukaigwedeza si vuto. AIO ya kaunjika yosadziwika zaka zake musagule ngakhale itchipe bwanji, simungaone kuti madzi atsala ochuluka bwanji kapena kuti m'buloko mwadzaza zotani.

Ikadzayamba kuvuta, manja anu adzakuuzani zambiri. Pulosesa ikutentha, paipi imodzi yotentha kwambiri inayo yozizira, ndiye kuti madzi akuyenda movutikira, pampu yafooka kapena buloko yatsekeka. Mapaipi onse ozizira, radiyeta yozizira, pulosesa ili pa 95, ndiye kuti pampu yaima kapena mbale siikukhudza bwino, ndipo rpm ya pa AIO_PUMP ikuuzani kuti mwa ziwirizi ndi chiti. Radiyeta yotentha ponseponse ndiye kuti madzi akugwira ntchito yawo, vuto ndi fumbi kapena mafani. Kulira kochukucha kompyuta itangosunthidwa ndi thovu lalowa m'pampu. Ikani pampu pa 100% kwa theka la ola, muzipendeketsa kesi uku ndi uku pang'onopang'ono kuti thovulo likwere ku radiyeta, kenako muibwezere pa liwiro lake lija. Choziziritsira cha mpweya chomwe mwachotsa musagulitse. Chisungeni pamodzi ndi zomangira zake ndi paste yotsala, kuti tsiku lomwe pampu idzaime ntchito ya kasitomala ili pakati, mudzangomanga chimenecho n'kutsitsa malire a mawati mpaka ina itafika.